Nyimbo ya fuko yolakwika ku Lille, ndi ulendo wa timu ya South Sudan

Lamlungu pa 28 Julayi 2024 ndinatuluka m'tchalitchi mapemphero asanathe, chinthu chimene sindichita kawirikawiri, ndipo ndinayenda wapansi mofulumira kuchokera ku Kabwata kupita ku Chilenje kwa mlamu wanga. Kwathu magetsi anali atazima kuyambira m'bandakucha. Tonse a mu Lusaka tikukumbukira chaka chimenecho, pamene chilala chinaphwetsa madzi a m'nyanja ya Kariba ndipo tinkawerenga maola a magetsi ngati mmene mayi amawerengera ufa wotsala m'thumba. Mlamu wangayo anali ndi sola ndi batire, choncho wailesi yakanema yake inali yamoyo. Masewera amene ndinkathamangira anali kuyamba 11 koloko m'mawa, popeza m'miyezi imeneyo nthawi ya ku France imafanana ndi yathu, ndipo anali masewera oyamba a timu ya basketball ya amuna ya South Sudan pa mpikisano wa Olympics.

Ndinafika osewera atandanda kale pabwalo la Pierre Mauroy pafupi ndi mzinda wa Lille, manja ali pachifuwa. Nyimbo inayamba kulira, koma nkhope zawo sizinaoneke ngati za anthu amene akumva nyimbo ya kwawo. Ena anayang'anana, ochemerera anayamba kukuwa, ndipo patapita masekondi ochepa nyimboyo inadulidwa. Mlamu wanga anandifunsa kuti, "Alamu, chavuta n'chiyani kodi?" Ndinamuyankha kuti nyimbo imene inaikidwa inali ya Sudan, dziko limene anthu awa anachokamo mu 2011 pambuyo pa nkhondo imene inatenga zaka zoposa 20, kuyambira 1983 mpaka 2005. Anakhala chete kwa kanthawi, kenako anati, "Ndiye kuti munthu wamuitana dzina la amene anamuthamangitsa pakhomo." Okonza mpikisanowo anapepesa pambuyo pake, ndipo ndikukhulupirira kuti kunali kulakwitsa chabe, koma mawu a mlamu wangawo anakhalabe m'mutu mwanga masewera onsewo.

Ife a ku Zambia tiyenera kumvetsa msanga kulemera kwa nkhani yotere. Mu 1964 othamanga athu anapita ku Olympics ya ku Tokyo m'dzina la Northern Rhodesia, ndipo pa mwambo wotsekera, pa 24 Okutobala, tsiku lenileni la ufulu wathu, analowa m'bwalo atanyamula dzina la Zambia. Dziko likakhala latsopano, dzina lake, mbendera yake ndi nyimbo yake ndizo chuma choyamba chimene limakhala nacho misewu ndi zipatala zisanamangidwe. Anyamata amene anaima pabwalo la ku Lille anadikira mofatsa mpaka nyimbo yawo yeniyeni inaimbidwa, ndipo atatero anasewera ngati anthu amene ali ndi mlandu woti auweruze ndi manja awo.

Ine ndine mphunzitsi, ndipo madzulo a masiku atatu pa sabata ndimaphunzitsa ana basketball pa kabwalo ka simenti kamene kali kuseri kwa makalasi. Sindilandira kanthu pa ntchito imeneyi. Ndimaichita chifukwa masewerawa ndinawakonda ndili mnyamata, ndipo ndakhala ndikuonera matimu athu monga Matero Magic, Munali Suns ndi UNZA Pacers kwa zaka zambiri. Ndikudziwa bwino kuti kuno mpira wa miyendo ndiwo mfumu, ndipo Lamlungu lomwelo madzulo mzinda wonse unali pa Copper Queens, pamene Barbra Banda anachinya zigoli zitatu koma tinagonja kwa Australia 6-5. Inenso ndinaonera ndipo mtima unandipweteka. Komabe zimene ndinagona ndikuziganizira usiku umenewo zinali za m'mawa.

Puerto Rico inayamba bwino ndipo inali patsogolo pofika pa theka la masewera, makamaka chifukwa cha José Alvarado, wosewera wamfupi koma wovuta ngati nyerere yolowa m'malaya. Chimene chinatembenuza zinthu m'theka lachiwiri ndi ntchito yosakongola imene ana anga amaizemba tsiku ndi tsiku, ndiyo kutola mpira umene wagunda ring'i n'kubwerera. Osewera a South Sudan ndi aatali, a mikono yaitali, ndipo sataya mtima mpira ukakana kulowa. Ankalumphira mpira uliwonse wobwerera, kuupatsa timu yawo mwayi wachiwiri ndi wachitatu, kenako n'kuthamanga nawo adani asanabwerere m'malo awo. Anapambana 90-79. Dziko limene linali ndi zaka 13 zokha linapambana masewera ake oyamba a basketball pa Olympics, ndipo linagonjetsa timu yomweyo imene inaliliza chaka chimodzi m'mbuyomo ku Manila.

Anthu ambiri amene ndacheza nawo amakamba za timuyi ngati kuti inatsika kumwamba mwadzidzidzi. Ine sindiona choncho, ndipo chifukwa chake ndicho chandichititsa kulemba. Kumbuyo kwa zonsezi kuli munthu mmodzi amene anasankha kugwira ntchito yotopetsa. Luol Deng anabadwira ku Wau mu 1985, banja lake linathawira ku Egypt iye ali mwana, ndipo kumeneko abale ake anaphunzitsidwa basketball ndi Manute Bol, munthu wa kwawo amene ankasewera mu NBA, ligi yaikulu ya ku America. Pambuyo pake anakulira ku London, anasewera pa yunivesite ya Duke, kenako zaka zambiri ku Chicago Bulls, kumene anasankhidwa kawiri kukhala m'gulu la akatswiri a NBA, mu 2012 ndi 2013. Pa Olympics ya ku London mu 2012 anavala yunifolomu ya Great Britain. Atasiya kusewera mu 2019 akanatha kukhala pansi n'kumadya zimene anakolola, koma chaka chomwecho anasankhidwa kukhala mtsogoleri wa bungwe la basketball la South Sudan, m'dziko limene linali litangotuluka m'nkhondo ina yapachiweniweni imene inabuka mu Disembala 2013.

Ntchito imene anaipeza kumeneko ndimaidziwa pang'ono, ngakhale kuti yanga ndi yaing'ono kwambiri. Ndi ntchito yoimba mafoni, yopempha makolo, yofunafuna ndalama za ulendo, yoonetsetsa kuti zikalata za wosewera aliyense zili bwino tsiku lisanafike. Mphunzitsi wa timuyi pa nthawiyo, Royal Ivey, amene anali mnzake wa Deng kuyambira kusekondale ku America, ananena poyera kuti kwa zaka zingapo Deng ankalipira ndi ndalama za m'thumba mwake matikiti a ndege, mahotela ndi malo ochitira maphunziro. Pamene Ivey anali wotanganidwa ndi ntchito yake ya ku NBA, Deng yemweyo ankakhala pabenchi n'kutsogolera timu pa masewera odzigulira malo. Ndiponso panalibe bwalo la basketball la m'nyumba loyenera mpikisano m'dziko lonselo, kotero kuti masewera awo onse ankasewerera kwa eni ake, ndipo pokonzekera Olympics anakamanga msasa ku Kigali.

Osewerawo anawasonkhanitsa kuchokera kumene nkhondo inamwaza makolo awo. Wenyen Gabriel anabadwira ku Khartoum, anadutsa ku Egypt, anakulira ku New Hampshire, ndipo anasewerapo ku Los Angeles Lakers limodzi ndi LeBron James. Nuni Omot anabadwira ku Kenya makolo ake ali othawa kwawo, anakulira ku Minnesota, ndipo mu 2023 anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse mu BAL, ligi ya makalabu a mu Africa, ali ku Al Ahly ya ku Egypt. Marial Shayok anabadwira ku Ottawa m'dziko la Canada. Kapitawo Kuany Kuany, Bul Kuol ndi ena angapo anakulira ku Australia. Ena mwa iwo anayamba kuvala yunifolomu ya dzikolo asanapondepo n'komwe pa nthaka yake ali akuluakulu. Ndikaganizira zimenezi ndimakumbukira kuti kuno kwathu tili ndi Meheba, Mayukwayukwa ndi Mantapala, kumene kukukulira ana a anthu amene anathawa nkhondo za m'mayiko oyandikana nafe, ndipo ndimadzifunsa kuti ndani amawayeza msinkhu kapena kuwaponyera mpira kuti aone chimene angachite nawo.

Ndisabise kuti mwayi unalowererapo. Timuyi inali italephera kulowa m'ndime yodzigulira malo ku AfroBasket ya 2021, mpikisano wa chikho cha Africa, koma Algeria itadzichotsa, malowo anapatsidwa kwa iwo. Mwayi umapeza munthu amene wavala kale nsapato. Anafika ku Kigali, anafika m'ndime ya matimu asanu ndi atatu, ndipo kuchokera pamenepo sanabwererenso m'mbuyo. Pa masewera 12 odzigulira malo ku World Cup anapambana 11 n'kugonja amodzi okha, ndipo malowo anawatsimikiza mu Febuluwale 2023 ku Alexandria pogonjetsa Senegal, mumzinda womwewo umene Deng anakhalamo ali mwana wothawa nkhondo.

World Cup ya 2023 inachitikira ku Philippines, Japan ndi Indonesia, ndipo masewera a South Sudan anali ku Manila. Ndinawatsatira pa foni, nthawi zambiri pakati pa maphunziro, popeza kumeneko kumacha msanga kuposa kuno. Oyamba anagonja kwa Puerto Rico 101-96 pa nthawi yowonjezera, ngakhale kuti Carlik Jones, mnyamata wobadwira ku Cincinnati amene amayendetsa mpira wa timuyi, anachinya mapointi 35. Kenako anagonjetsa China 89-69, anakwapulidwa ndi Serbia 115-83, anagonjetsa eni bwalo a Philippines 87-68, ndipo pa 2 Seputembala anakumana ndi Angola. Masewera amenewo ndi amene ine ndimawaona ngati kusintha kwa ufumu. Angola ndi anansi athu, ndipo pa nthawiyo anali atatenga chikho cha Africa maulendo 11, kotero kuti kwa ife amene tinakula m'zaka za m'ma 1990 basketball ya mu Africa inali Angola basi. South Sudan inapambana 101-78, Jones anapatsira anzake mipira 15 imene inasanduka mapointi, ndipo popeza lamulo limapereka malo a ku Olympics kwa timu ya mu Africa imene yachita bwino koposa pa World Cup, malowo anakhala awo. Anamaliza pa nambala 17 mwa matimu 32.

Za ku London pa 20 Julayi 2024 zakambidwa kwambiri, ndipo sindichulukitsa. Anali masewera okonzekera chabe olimbana ndi America, koma anatsogola ndi mapointi 14 pa theka, JT Thor anaponya mpira wa mapointi atatu umene unawaika patsogolo kutatsala masekondi 20, ndipo zinatengera LeBron James kulowa yekha pakati pawo kutatsala masekondi 8 kuti America ipulumuke 101-100. Ndinasangalala monga aliyense, komabe ndinauza ana anga kuti asanyengedwe, chifukwa njoka ukaiponda kumchira n'kulephera kuipha imabwera itadzuka. Pa 31 Julayi ku Lille, America inabwera itadzukadi, inatseka njira za Jones, inakakamiza South Sudan kutaya mipira yambiri, ndipo inapambana 103-86. Omot anachinya 24 usiku umenewo, ndipo ngakhale anagonja sanasweke.

Masewera amene ndimawabwerezabe m'maganizo ndi a pa 3 Ogasiti ndi Serbia. Mpikisanowo unali ndi matimu 12 m'magulu atatu, ndipo opitirira anali awiri oyamba m'gulu lililonse pamodzi ndi awiri ochita bwino mwa amene athera pa nambala yachitatu. Zimenezi zinatanthauza kuti ngakhale kugonja kunali ndi muyeso wake, chifukwa kusiyana kwa mapointi ndiko kumaweruza matimu olingana. Tinadzazana m'chipinda chochezera cha mlamu wanga 9 koloko usiku, kunja kuli mdima wandiweyani ndi mphepo yozizira ya mwezi umenewo, ndipo kwa zigawo zitatu anyamatawo anayenda phewa ndi phewa ndi timu ya Nikola Jokić, katswiri wamkulu wa Serbia. Chigawo chachinayi Bogdan Bogdanović, amene anamaliza ndi mapointi 30, anawatsegulira mpata umene sanathenso kuutseka. Zinathera 96-85, ndipo malo awiri aja anapita kwa Brazil ndi Greece.

Atatha masewerawo Deng ndi Ivey anadandaula kwambiri za oyimbira. Serbia inapatsidwa ma free throw (mwayi woponya mpira popanda wotchinga, mdani akalakwa) 31 pamene South Sudan inapatsidwa 6 okha, ndipo Deng anafunsanso chifukwa chake oyimbira a mu Africa sankaoneka pa masewera akuluakulu otere. Maganizo anga pa nkhaniyi ali pawiri, ndipo ndiwanena onse. Kusiyana kwa 31 ndi 6 n'kwakukulu kwambiri moti sikungangofotokozedwa ndi kasewero kokha, ndipo panali nthawi zingapo zimene ndinaona Jones kapena Shayok akugundidwa polowa pansi pa ring'i wezulo n'kukhala chete. Oyimbira ndi anthu, ndipo amazolowera mayendedwe a osewera amene amawaona sabata ndi sabata m'maligi a ku Ulaya, kotero kuti mlendo amayamba ali ndi ngongole. Funso la Deng n'loyenera ndipo liyenera kufunsidwabe. Koma ndiyeneranso kuvomereza kuti timu imene imadalira kuponya mipira ya kutali sipeza ma free throw ambiri, ndiponso kuti Jokić ndi munthu amene sungamuletse popanda kumugwira. M'chigawo chomaliza miyendo ya anyamatawo inali italema, anaponya mothamanga, ndipo Serbia, imene yakhala ikusewera limodzi zaka zambiri, inadziwa nthawi yeniyeni yofinyira. Serbia yomweyo inatsogola America ndi mapointi 17 mu semifainolo isanagonje 95-91, ndipo inatenga mendulo ya bronze. South Sudan inatulutsidwa ndi timu yotere, pa kusiyana kwa mapointi ochepa, m'gulu limene munatuluka awiri mwa atatu amene anakwera pa nsanja ya mamendulo.

Pali mfundo imodzi imene anzanga ena aphunzitsi amaidzutsa, ndipo ndiyolemera. Amati timu imeneyi inaphikidwa m'makhitchini a anthu ena, kuti ndi makoleji a ku America ndi maligi a ku Australia amene anasula osewerawa, ndipo Juba, likulu la South Sudan, inangolandira nsima yopakula kale. Amawonjezera kuti ife tilibe ana ambiri otere kunja, choncho palibe chimene tingatengepo. Theka loyamba la mfundoyi ndi loona, ndipo Deng mwiniwake sabisa. Koma anthu amenewa sanapite kunja kukasaka maphunziro a basketball. Makolo awo anathawa imfa, ndipo mtengo umene dzikolo linalipira kuti likhale ndi ana ku Perth, ku Ottawa ndi ku Minnesota palibe dziko limene lingaufune. Chimene chinasandutsa omwazikawo kukhala timu ndicho chimene tingachite nafenso popanda nkhondo, ndicho kukhala ndi mtsogoleri amene osewera amamukhulupirira, amene akanena kuti tikiti ifika Lachiwiri imafikadi Lachiwiri, ndiponso kusewera masewera onse odzigulira malo popanda kudzichotsa ndalama zikavuta. Algeria inadzichotsa kamodzi, ndipo khomo limene inasiya ndilo analowera anzawo.

Wosewera amene amandipatsa chiyembekezo chachikulu pa onsewo sanasewere mphindi zambiri ku Lille. Khaman Maluach anali ndi zaka 17 zokha, wamng'ono pa osewera onse a basketball ya amuna pa mpikisanowo. Anabadwira ku Rumbek, anakulira ku Uganda, anayamba masewerawa mochedwa ali ndi zaka za m'ma 13, ndipo anasulidwira ku NBA Academy Africa m'dziko la Senegal. Ndiye kuti maziko ake onse anaikidwa muno mu Africa. Pambuyo pake anapita ku Duke monga Deng, ndipo mu 2025 anasankhidwa pa nambala 10 kulowa mu NBA, n'kupita ku Phoenix Suns. Ana anga akamandaula kuti anayamba mochedwa kapena kuti kabwalo kathu kali ndi ming'alu, ndimawauza za mnyamata ameneyu. Kuno tili ndi zimene dziko lake linalibe pamene iye ankaponya mpira wake woyamba, pakuti tili ndi mtendere, tili ndi malo ochitira masewera a OYDC amene anatsegulidwa mu 2010, tili ndi a NASDEC, tili ndi ligi imene imaseweredwa chaka ndi chaka. Masiku anayi South Sudan itatuluka, Muzala Samukonga anatibweretsera mendulo ya bronze pa mpikisano wa mamita 400, ndipo aliyense anaona kuti matupi ndi mitima yoyenera bwalo lalikulu tili nayo.

Lolemba lotsatira masewera a Serbia ndinafika pa kabwalo kathu ndili ndi mapu a Africa amene ndinabwereka m'kalasi. Ndinawayala pa simenti, tinaika miyala m'makona kuti mphepo isawaulutse, ndipo ndinafunsa amene angandionetse Juba. Ambiri analoza Khartoum, ndipo nditayang'anitsitsa ndinapeza kuti mapuwo anasindikizidwa 2011 isanafike, moti malire a dziko latsopanolo panalibe. Mtsikana wina wa giredi 8, amene ndi wamtali kuposa anyamata onse a msinkhu wake koma amachita manyazi kulumphira mpira, anandifunsa kuti, "Aphunzitsi, ndiye amene anaika nyimbo yolakwika uja anaphunzira ndi mapu ngati awa?" Ndinamupatsa pensulo, ndinamuonetsa pamene mtsinje wa Nile umadutsa kuchokera ku Uganda, ndipo iye analemba mzere wa malire ndi dzina la dzikolo mosamala kwambiri. Titapinda mapuwo ndinawaika awiriawiri pansi pa ring'i, ndipo madzulo onsewo sitinachite china chilichonse koma kulumphira mipira yobwerera, mpaka dzuwa linalowa ndipo sitinathenso kuona mpira.